Citseko ca Maloko Atatu

Pali lamulo lina m'dziko la Zambia limene lakhala m'mabuku a Boma zaka zoposa 50, koma eni ace a lamulolo, ndiwo akazi, ambiri sanalimvepo. Munthu atayenda m'midzi ya ku Chadiza, ku Katete kapena ku Lundazi, nafunsa amai amene ali pamtondo kapena pacitsime kuti, "Kodi Boma limalola mkazi kucotsa mimba m'cipatala?" iwo adzamuyang'ana ngati wamisala, ndipo ena adzamthamangitsa kuti alikulankhula zolaula. Akafunsa aphunzitsi, ambiri adzati nkoletsedwa. Akafunsa mlembi wa mfumu, kapena iyenso adzatero. Komatu lamulolo liripo. Dzina lace pa Cingerezi ndi Termination of Pregnancy Act, ndiko kunena lamulo la kucotsa mimba. Nyumba ya Malamulo inalibvomereza m'caka ca 1972, ndipo silinafafanizidwe.

Kusadziwa kumeneku si nkhani yongoganizira ai. M'caka ca 2016 anthu ofufuza anafalitsa zimene anapeza atafunsa akazi a m'zigawo zitatu, ca Lusaka, ca Pakati ndi ca ku Migodi, ndipo pa akazi 100 alionse, 16 okha ndiwo anadziwa zifukwa zimene lamulo limalolera kucotsa mimba. Wowerenga azindikire kuti zigawo zimenezi ndizo za m'mbali mwa njanji, kumene kuli masukulu ambiri, manyuzipepala ndi zipatala zazikulu. Ngati kunjanji kuli mdima wotere, nanga ku cigwa ca Luangwa kuli bwanji? Lamulo la msonkho Boma limalilengeza ndi lipenga. Lamulo loletsa kupha njobvu mwana aliyense wa ku Mambwe amalidziwa. Koma lamulo limene lingapulumutse moyo wa mkazi limanong'onedwa ngati nkhani ya ufiti.

Nkoyenera kufotokoza kumene lamuloli linacokera, cifukwa alipo ambiri amene amati kulola kucotsa mimba ndi mwambo wa Azungu umene unadza kudzaononga makhalidwe a anthu akuda. Anthu otere aiwala kuti lamulo loponya mkazi m'ndende cifukwa ca mimba ndilo linayamba kudza ndi Azungu. Silinacokere pa bwalo la mfumu ya Acewa, ya Angoni kapena ya Ansenga. Linalembedwa ku Britain m'caka ca 1861, masiku a Mfumukazi Victoria, ndipo atsamunda anatenga mau ace nawalowetsa m'buku la milandu la Northern Rhodesia limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 1931. Kwao komweko Angerezi anayamba kuona kuipa kwa lamulo lao. M'caka ca 1938 dotolo wina wa ku London, dzina lace Aleck Bourne, anacotsa mimba ya mtsikana wa zaka 14 amene asilikali anamgwirira, ndipo sanabise kanthu, analola kuti apolisi amtengere kubwalo. Bwalo linammasula, woweruza atanena kuti dotolo salakwira lamulo ngati acita zimenezi pokhulupirira kuti mimbayo ikadaononga thupi kapena nzeru za mkaziyo. M'caka ca 1967 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inapanga lamulo latsopano, lolola nchitoyi madotolo awiri akabvomerezana.

Kuno ku Zambia nkhani inayendanso njira yomweyo. M'caka ca 1971 madotolo atatu anazengedwa mlandu wa kucotsa mimba m'Bwalo Lalikulu, namasulidwa. Caka cotsatira Boma la Kenneth Kaunda linabwera ndi lamulo kuti madotolo adziwe bwino malire ao. Mabishopu a mpingo wa Katolika anatsutsa poyera, koma aphungu analibvomereza.

Mau a lamulolo mwacidule ndi awa. Mimba ingathe kucotsedwa ngati kupitirira nayo kungaike moyo wa mkazi pangozi, kapena kuononga thanzi lace la m'thupi kapena la m'maganizo, kapena kuononga thanzi la ana amene ali nao kale, koposa m'mene kukadakhalira mimbayo itacotsedwa. Ingathe kucotsedwanso ngati pali ciopsezo cacikulu cakuti mwanayo adzabadwa wopunduka kwambiri m'thupi kapena m'nzeru. Lamulo limauza madotolo kuti poweruza nkhaniyi angathe kuyang'ana msinkhu wa mkaziyo ndi makhalidwe a kumene akhala. Ndiponso m'caka ca 2005 buku la milandu linakonzedwa kuti linene poyera kuti mtsikana wosafika msinkhu amene watenga mimba cifukwa ca kugwiriridwa angathe kucotsedwa mimbayo. Powerenga mau amenewa munthu angaganize kuti akazi a ku Zambia ndi odala koposa anzao a m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo pa pepala ndi odaladi.

Koma aphungu a 1972 atamanga nyumba yabwinoyo anaikapo citseko ca maloko atatu. Lamulo liti nchitoyi icitike m'cipatala, ndipo madotolo atatu olembedwa m'kaundula asaine kuti abvomereza, mmodzi wa iwo akhale katswiri wa nthambi ya mankhwala imene ikhudza bvuto la mkaziyo. Dotolo mmodzi yekha amaloledwa pokha-pokha pamene mkazi ali pangozi yofuna cangu. Angerezi, amene anali ndi madotolo m'mizinda yao yonse, anafuna awiri. Zambia anafuna atatu, m'caka cimene sukulu ya udotolo ya pa University of Zambia inali isanatulutse dotolo ngakhale mmodzi, pakuti oyamba anatsiriza maphunziro ao m'caka ca 1973. Kodi aphunguwo anayesa kuti madotolo atatu adzawapeza kuti ku Chama kapena ku Petauke? Lero madotolo acuruka koposa kale, koma ambiri ali m'mizinda. Pa cipatala cacing'ono ca kumudzi munthu amapeza namwino, mzamba kapena clinical officer, dotolo kulibe, ndipo katswiri wa matenda a akazi ali kutali, ku cipatala cacikulu ca cigawo.

Ndipo nciani cimene madotolo awiri enawo amaonjezapo? Dotolo mmodzi angathe kudula mwendo wa munthu wolumidwa ndi ng'ona. Dotolo mmodzi angathe kung'amba mimba ya mkazi amene wabvutika pobala ndi kutulutsa mwana, nchito yoopsa kwambiri koposa kucotsa mimba ya miyezi iwiri, osayamba wafuna-funa anzace awiri kuti asaine pepala la Boma. Masaini atatuwo sacepetsa magazi otaika, sapha tizirombo, saciritsa kanthu. Nchito yao ndi kucedwetsa, ndipo m'nkhani imeneyi kucedwa ndiko kumabala ngozi, cifukwa mimba siima kudikira mapepala. Imene ikadacoka ndi mibulu ya mankhwala pa masabata 8 ingafune zitsulo ndi katswiri ikafika miyezi inai kapena isanu.

Wowerenga ayerekeze atsikana awiri a zaka 16, onse a pasukulu, onse onyengedwa ndi amuna akulu. Woyamba ndi mwana wa munthu wa nchito yabwino ku Lusaka. Amai ace amtenga pa galimoto kunka kwa dotolo amene amdziwa, mapepala asainidwa tsiku lomwelo, ndipo Lolemba mtsikanayo ali m'kalasi, palibe wodziwa kanthu. Waciwiri ndi mwana wa mlimi wa ku Vubwi. Ayenda pansi kunka ku cipatala cacing'ono, napeza namwino mmodzi ali ndi mzere wa amai a kusikelo. Ngati namwinoyo ali wacifundo, ndipo ngati iye yemwe alidziwa lamulo, amuuza kuti apite kuboma. Ndalama za ulendo azipeza kuti osauza makolo? Akafika kuboma amva kuti dotolo alipo mmodzi, wina anapita ku msonkhano, ndipo amtuma ku Chipata. Pa khomo liri lonse ayenera kufotokozanso manyazi ace kwa mlendo, mwina pamaso pa mlembi amene amapemphera naye mpingo umodzi. Masabata alikupita, ndipo malaya a sukulu ayamba kuthina. Lamulo la atsikana awiriwa ndi limodzi, koma woyamba ali ndi makiyi onse atatu, waciwiri alibe ngakhale imodzi.

Cimene mtsikana waciwiriyo amacita anamwino a m'zipinda za akazi acidziwa bwino, pakuti ndiwo amalandira zotsala zace. Amapita kwa nkhalamba ya kuseri kwa mudzi, kapena kwa mnyamata wogulitsa mankhwala pamsika, kapena amadziyesa yekha usiku anzace ali m'tulo. Ena amalowetsa phesi la cinangwa. Ena amameza mibulu yambiri ya chloroquine, ena sopo wa ufa wocapira zobvala, ena mabotolo osinja. Phesi limaboola cibaliro, nthawi zina ndi matumbo omwe. Mankhwala omezedwa mopitirira amapha mai mimba isanacoke. Zotsalira m'kati zimaola, thupi litentha, magazi ataika, ndipo popeza mtsikanayo aopa ndende, pakuti cilango ca kucotsa mimba kunja kwa lamulo cimafika zaka 14, amabisa kufikira atalephera kuimirira. Pamenepo ndipo abale amamnyamula pa ngolo. Opulumuka ena amatuluka m'cipatala cibaliro citacotsedwa, ndipo aliyense wokulira pamudzi adziwa moyo umene umadikira mkazi wosabala.

Apa pali cinthu codabwitsa. Mtsikana amene anakanizidwa pamene anafika ali wamoyo ndi wathanzi, akabweranso alikutaya magazi citseko cimatseguka msanga, masaini atatu osafunikanso. Tsopano pafunika bedi la masiku ambiri, magazi oonjeza m'thupi, mankhwala okwera mtengo, mwina ndi opaleshoni. Ofufuza a ku London ndi a ku Lusaka anawerengera ndalama zimenezi, napeza kuti kuciritsa mkazi wobvulala ndi kucotsa mimba kwa mseri kumadyera Boma ndalama zoposa kawiri zimene likadalipira pomthandiza bwino poyamba. Anapezanso kuti akazi ena, posadziwa kuti lamulo liri kumbali yao, amalipira ndalama zam'mbali kuti athandizidwe. Cotero Boma limakana kupereka madzi pamene moto uli pa tsekera limodzi, ndipo limadza ndi mitsuko denga litagwa.

Amene amwalira samawerengedwa bwino, cifukwa pamaliro pao sipanenedwa zoona. Akulu a banja amati mwana anadwala malungo, kapena anamva m'mimba masiku awiri. Amai a m'nyumba ya maliro adziwa, koma amangoyang'anana. Ciwerengero ca akazi onse omwalira pa nkhani za mimba ndi kubala cimadziwika: m'kafukufuku wa Boma wa 2001 ndi 2002 anali 729 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, m'caka ca 2007 anali 591, ndipo m'caka ca 2018 anatsika kufika 278. Kutsika kumeneku ndi nchito yotamandika ya azamba ndi anamwino, ndipo kuonetsa kuti Boma likatsimikiza mtima imfa za akazi zimacepa. Nanga bwanji pa imfa iyi yokha, imene mankhwala ace ali ochipa ndi odziwika, onse amayang'ana kumbali? Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti pakati pa 2010 ndi 2014 mimba 25 miliyoni caka ciri conse zinacotsedwa m'njira zoopsa pa dziko lonse, ndi kuti mu Africa mimba zitatu pa zinai zocotsedwa zinali za njira zotere.

Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo sayenera kunyozedwa, pakuti ambiri a iwo ndi anthu oona mtima. Amati Zambia ndi dziko la Cikristu, monga analengeza Frederick Chiluba mu December 1991, ndi monga kunalembedwa kumayambiriro a Malamulo Akulu a Dziko m'caka ca 1996. Amati cimene ciri m'mimba ndi munthu, ndipo kucicotsa ndi ucimo. Munthu wokhulupirira cotero ali ndi ufulu wonse wa kusunga cikhulupiriro cace, kuciphunzitsa ana ace ndi kucilalikira paguwa. Lamulo la 1972 silikakamiza mkazi aliyense kucotsa mimba. Koma mbusa ndi Boma ali ndi nchito zosiyana. Mbusa amakopa mtima, Boma limasunga moyo wa nzika zace, zoyera ndi zocimwa zomwe. Mwamuna woledzera akagwa panjinga nang'ambika mutu, cipatala cimamsoka osamfunsa kalata ya mpingo. Mwamuna wotenga cinzonono kwa mkazi wa mwini amalandira jekeseni, palibe womuuza kuti ayambe wapeza madotolo atatu. Nanga cifukwa ninji ciyero ca dziko ciyesedwa pa thupi la mkazi yekha?

Ndiponso otsutsawo amalankhula ngati kuti kutseka citseko kumaletsa mimba kucotsedwa. Mbiri ikana. Ku Romania wolamulira wankhanza Nicolae Ceaușescu analetsa kucotsa mimba m'caka ca 1966 pofuna kuti anthu acuruke, nafika pa kutuma madotolo kukapima akazi m'mafakitale. Akazi sanaleke. Anangocoka m'zipatala nalowa m'zipinda zamdima, ndipo pofika 1989 pafupi-fupi 10,000 anali atamwalira, nyumba za ana amasiye zitadzala ndi ana otayidwa. Lamulolo litafafanizidwa mu December 1989, imfa za akazi apakati zinatsika ndi theka m'caka cimodzi. Ku South Africa kunacitika zotembenuka: lamulo la 1996 linalola azamba ophunzitsidwa kuthandiza akazi mimba isanapitirire masabata 12, ndipo m'zaka zowerengeka imfa zocokera ku kucotsa mimba zinatsika ndi pafupi-fupi 90 pa 100. Funso limene liri pamaso pa aphungu si lakuti mimba zicotsedwe kapena ai, pakuti zilikucotsedwa usiku uli wonse. Funso ndi lakuti zicotsedwere pa bedi loyera kapena pa mphasa kuseri kwa nkhokwe.

Amene amachula miyambo ya makolo akumbukirenso cinthu cimodzi. Makolo sanali kutama kucotsa mimba, anali kukuopa. Koma anali kusiyanitsa. Mkazi akapita padera, kapena khanda likabadwa lakufa, amai akulu-akulu okha ndiwo anali kupita kukaika mwakacetecete, osasonkhanitsa mudzi, osagona pamaliro, ndico cifukwa cace amati mtayo. Koma mkazi akafa ndi pakati unali mlandu waukulu, wogwedeza mabanja awiri. Nkhalamba zija zinalibe mabuku, koma zinadziwa kuti imfa ya mai ndi yolemera, cifukwa imasiya ana opanda wowaphikira ndi mbumba yopanda tsinde.

Mimba siidza yokha ngati cimfine. Pa mtsikana aliyense wogona m'cipinda ca odwala pali mwamuna wina amene alikuyenda momasuka, ndipo kawiri-kawiri si mnyamata mnzace ai, koma munthu wamkulu: wamalonda, woyendetsa galimoto, wacibale wa m'nyumba momwemo, nthawi zina ndi amene anapatsidwa udindo wa kumphunzitsa. Iyeyu sasowa tulo. Safunsidwa masaini. Ena a iwo ndiwo amapereka ndalama zogulira mankhwala a pamsika, ndipo Lamulungu amakhala pa mpando wa kutsogolo, nagwedeza mutu mlaliki akamadzudzula atsikana a masiku ano. Owerenga Buku Lopatulika akumbuka nkhani ya mkazi wogwidwa m'cigololo amene anadza naye kwa Yesu kuti aponyedwe miyala. Cigololo ndi ca anthu awiri, koma pabwalo paja anakokerapo mmodzi.

Munthu wodana ndi kucotsa mimba akadayenera kukhala woyamba kufuna kuti njira za cilezi zifike kwa aliyense, pakuti mimba yosatengedwa siicotsedwa. Koma kawiri-kawiri pakamwa pomwe potsutsa cimodzi ndi pomwe potsutsa cinzace. Mtsikana wopempha mankhwala a cilezi amafunsidwa ngati ali pabanja, ndipo phunziro la za thupi likalowa m'sukulu pamauka phokoso lakuti ana alikuphunzitsidwa ciwerewere. Kafukufuku wa 2018 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 kufikira 19, okwana 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati, ndipo kumidzi ciwerengero cinali cokwera koposa. Ana amenewa sanaonongedwe ndi kudziwa. Kuyambira 1997 Boma limalola mtsikana wobala kubwerera kusukulu, ndipo ndi lamulo labwino, koma ambiri sabwerera, cifukwa palibe wowasungira khanda. Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Lero akulu adya nkhuyu, ndipo wopotedwa ndi mwana.

Mau akuti ufulu wacibadwidwe amamveka kawiri-kawiri pa wailesi, ndipo ena awayesa mau a anthu ophunzira ofuna kusokoneza mudzi. Tanthauzo lace ndi lapafupi. Ndi cinthu cimene munthu ali naco cifukwa ca kubadwa munthu, osati cifukwa ca kukondedwa ndi mfumu kapena kukhala ndi ndalama. Cinthu cimene mwana wa ku Lusaka acipeza tsiku limodzi, koma mwana wa ku Vubwi acifera panjira, sicinafike pa kukhala ufulu. Cikali mwai wa olemera. Ndipo amene anati nkhani ya kubala ndi ya ufulu si alendo okha ai. M'caka ca 2003 atsogoleri a maiko a mu Africa anasonkhana ku Maputo nabvomerezana pangano la ufulu wa akazi. Gawo 14 la panganolo liti mkazi ali ndi ufulu wa kusankha ngati afuna ana, angati, ndi motalikirana bwanji. Liti maboma apereke cithandizo ca cipatala cokwanira, cochipa ndi cofikirika, pamodzi ndi cidziwitso, makamaka kwa akazi a kumidzi. Litinso maboma alole kucotsa mimba m'cipatala pamene mkazi wagwiriridwa, pamene mimba ndi ya wacibale, ndi pamene thanzi kapena moyo uli pangozi. Zambia anatsimikiza pangano limeneli m'caka ca 2006. Mau akuti makamaka akazi a kumidzi ali m'menemo, ndipo Boma linasaina maso ali poyera.

Lamulo la 1972 limalola dotolo kapena namwino kukana nchitoyi ngati cikumbumtima cace sicimlola, kupatula pamene moyo wa mkazi uli pangozi. Ici ncoyenera, pakuti munthu sakakamizidwa kucita cimene mtima wace ukana. Koma cikumbumtima ca munthu mmodzi cisasanduke mpanda wa boma lonse. Pa cipatala ca madotolo atatu, mmodzi akakana, lamulo lafa m'dera lonselo. Wokanayo ali ndi mangawa a kuuza mkazi zoona, kuti lamulo limalola, ndi kumlozera kwa mnzace amene angamthandize. Kumuuza kuti nkoletsedwa pamene sikuletsedwa ndi bodza, ndipo palibe mpingo umene umaphunzitsa kuti bodza ndi ciyero.

Ngakhale kacitseko kopapatiza kameneka kanatsala pang'ono kutsekedwa. Malamulo Akulu a Dziko amati moyo wa mwana wosabadwa usacotsedwe koma monga mwa lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo mau amenewa ndiwo amasunga lamulo la 1972. Mu August 2016 anthu anafunsidwa kubvomereza ndandanda yatsopano ya maufulu, imene inali ndi zabwino zambiri, koma m'kati mwace munali mau akuti moyo wa munthu umayamba pa tsiku la kutenga pakati. Ndandandayo inalephera cifukwa oponya voti sanafike theka la oyenera kuponya. Ndi angati mwa amene anabvomera anadziwa cimene mau ocepawo akadacita kwa mwana wa zaka 13 wogwiriridwa ndi amalume ace?

Cofunika kukonza si cacikulu. Unduna wa Zaumoyo unatulutsa malangizo m'caka ca 2009, nuwakonzanso m'caka ca 2017, olola azamba, anamwino ndi ma clinical officer ophunzitsidwa kuthandiza akazi mimba ikali yaing'ono. Mankhwala ace, mifepristone ndi misoprostol, akhala pa ndandanda ya mankhwala ofunika ya World Health Organization kuyambira 2005, ndipo m'caka ca 2022 bungwe lomwelo linalangiza maiko kuti acotse malamulo ofuna cilolezo ca anthu ena mkazi asanathandizidwe. Ku Mozambique, kungolumpha malire a Chadiza, lamulo la 2014 linalola mkazi kupempha yekha mimba isanapitirire masabata 12. Koma malangizo a Unduna si lamulo, ndipo namwino wa kumudzi amene amva kuti buku la Nyumba ya Malamulo likali kunena za madotolo atatu adzaopa ndende koposa kumvera kalata ya ku Lusaka. Aphungu asinthe mau amenewo, kuti munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino akwanire. Achulenso poyera mkazi wamkulu wogwiriridwa, amene lero ayenera kuyamba watsimikizira madotolo kuti nzeru zace ziri pangozi, ngati kuti kugwiriridwako pakokha sikukwanira. Ndipo Boma lilengeze lamuloli m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi ndi m'zinenero zina, pa wailesi ndi pa khoma la cipatala ciri conse, monga limalengezera katemera wa cikuku.

Pamene aphungu akali kuzengereza, nchito yagwera anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu, pakuti m'midzi yambiri iwo ndiwo amawerengera akulu makalata ndi kumasulira za Boma. Wotere adziwe, ndipo auze alongo ace ndi anamkungwi omwe, kuti lamulo la 1972 liripo, kuti mkazi wopita ku cipatala ca Boma kukafunsa za nkhaniyi sanalakwe mlandu uli wonse, ndi kuti kupita msanga, mimba isanafike miyezi itatu, ndiko kumacepetsa ngozi ndi maulendo. Auzenso amai a pamudzi kuti mtsikana amene wayamba kale kutaya magazi, kaya anacita ciani, malangizo a Unduna amati alandire cithandizo. Asamsunge m'nyumba kuti ayambe waulula dzina la mwamuna. Amkweze pa ngolo kapena panjinga usiku womwewo, osadikira kuti kuce, makamaka ngati thupi latentha, alikunjenjemera, kapena magazi ayamba kununkha, pakuti zimenezo ndizo zizindikiro zakuti zoola za m'cibaliro zalowa m'magazi.